Uloya wa pa intaneti: njira yake mmene imayendera, tiyambire ku California

Funsoli likumabwera pafupipafupi, makamaka kuchokera kwa abale athu amene ali ku America akugwira mashifiti osamalira okalamba kapena mma warehouse, akuti kodi munthu ungaphunzire zamalamulo pa intaneti uli kunyumba mpaka kukhala loya weniweni wa laisensi, woti nkuyima mkhothi kuyimira munthu pa mlandu? Zimatheka ndithu, koma osati paliponse komanso osati ndi sukulu iliyonse imene ikukutulukirani pa Facebook ndi chithunzi cha mayi womwetulira atavala gauni. Digiri amapereka ndi a sukulu, laisensi amapereka ndi a khothi, nde anthu awiriwa nthawi zina samvana nkomwe, sukulu itha kukupatsani pepala lokongola la chidindo chagolide koma a khothi nkuliyang'ana kamodzi basi nkukubwezerani.

Nditenga California ngati chitsanzo chifukwa ndi kumene njira imeneyi inatsegulidwa kalekale ndipo malamulo ake ndi olembedwa poyera. Za kumudzi, ku Joni ndi ku UK tikamba kumapeto.

Choyamba, musanayang'ane sukulu, sankhani komwe mukufuna mudzagwire ntchito

Apa mpamene ambiri amaphonya. Amayamba ndi kufufuza sukulu yotchipa, kulipira, kuwerenga zaka ziwiri, kenako ndipamene amafunsa ngati pepalalo limagwira ntchito komwe akukhala, zili ngati kukwera minibasi usanafunse kondakitala kuti ikulowera kuti. Ku America kulibe laisensi imodzi ya dziko lonse ayi. State iliyonse ili ndi malamulo akeake ndipo kawirikawiri khothi lalikulu la state imeneyo ndi limene limanena kuti uyu alowe uyu asalowe. Loya wa ku Texas si loya wa ku New York mpaka New York itamuvomera.

Ma state ambiri amafuna digiri ya zamalamulo yotchedwa JD yochokera ku sukulu yovomerezedwa ndi bungwe la maloya la American Bar Association, ABA mwachidule. Ndipo dziwani kuti JD si digiri yoyamba ngati LLB yathu ija ya ku Chanco, kumeneko umayamba wapanga digiri ina iliyonse, kaya ya unamwino kaya ya akaunti, kenako nde umalowa sukulu ya zamalamulo zaka zitatu, kapena zinayi ngati ukuphunzira uku ukugwira ntchito. Nde tsegulani webusaiti ya bungwe loona zolowetsa maloya mu state yanu, muwerenge nokha ndi maso anu gawo la maphunziro amene amafuna. Osadalira zomwe wakuuzani munthu wa ku ofesi yolembetsa ophunzira pa foni, iye uja ntchito yake ndi yoti inu mulembetse.

Chachiwiri, masukuluwa ali mitundu itatu ndipo kusiyana kwake ndi nkhani yonse

Mtundu woyamba ndi wa ABA womwewo. Kwa zaka zambiri ABA inkakana zoti munthu aphunzire JD yonse pa intaneti, imangolola kagawo kochepa. Zinayamba kufewa mu 2015 pamene sukulu ina ya ku St. Paul, Minnesota, imene pano imatchedwa Mitchell Hamline, inayamba pulogalamu yophatikiza, kwambiri pa intaneti koma nthawi zina kumapita ku kampasi. Syracuse University ku New York inabwera ndi yake mu 2019, kenako St. Mary's University ya ku San Antonio, Texas, inakhala yoyamba kuloledwa kuphunzitsa JD yonse pa intaneti, kalasi yoyamba inayamba 2022. Pano alipo angapo, kuphatikizapo Southwestern ya ku Los Angeles. Ubwino wake ndi woti mukamaliza mutha kukalemba bar exam, mayeso opezera laisensi ya uloya, pafupifupi state iliyonse. Kuipa kwake ndi ndalama, fizi yake siisiyana kwenikweni ndi ya anthu olowa mkalasi, ndipo masukulu a private kumeneko ambiri amadutsa madola 50,000 pachaka, komanso malo amakhala ochepa mpikisano uli tho. Ngati thumba likulola kapena mwapeza sikolashipu, musavutike nkuwerenga za mitundu inayo, tengani umenewu.

Mtundu wachiwiri ndi masukulu amene ABA sinawavomereze koma State Bar of California, bungwe loyang'anira maloya mu state imeneyo, inawavomereza payokha, amati accreditation. Wodziwika kwambiri ndi amene anayamba mu 1998 ndi dzina loti Concord Law School, sukulu yoyamba ya zamalamulo ku America kukhala ya pa intaneti yokhayokha, pano imatchedwa Purdue Global Law School. Ina ndi Northwestern California University School of Law ya ku Sacramento, imeneyi anthu amaikonda chifukwa cha mtengo (musaisokoneze ndi Northwestern University ya ku Chicago ija, palibe chibale olo pang'ono). Onse awiri analandira accreditation ya California mu 2020. Masukulu amtunduwu amayenera kusunga chiwerengero cha ophunzira awo okhoza bar exam pa 40 peresenti kapena kuposera pa zaka zisanu, akatsika amalowa mmavuto ndi State Bar, nde pamakhala kachikakamizo koti aziphunzitsa zenizeni.

Mtundu wachitatu ndi masukulu ongolembetsedwa ku State Bar koma opanda accreditation. Sikuti ndi akuba ayi, lamulo likuwadziwa ndipo ukamaliza umaloledwa kulemba bar exam ya California, koma njira yake ndi yaminga, muona pansipa.

Ine maganizo anga, ngati ABA yakukanikani pitani mtundu wachiwiri. Wachitatu ndi wa munthu amene akudzidziwa kuti amatha kuwerenga yekha popanda womuthamangitsa. Ndipo musanalipire kalikonse tsegulani webusaiti ya State Bar of California, pali mndandanda wa masukulu onse mmagulu awo komanso amatulutsa zotsatira za mayeso, muone nokha kuti sukulu imene ikukunyengererani ija ana ake amakhoza bwanji. Sukulu imene palibe pa mndandandawo isiyeni, olo itakhala ndi dzina lomveka ngati la ku Oxford.

Chachitatu, mapepala olowera

Masukulu a ABA amafuna digiri yoyamba ndipo ambiri amafunanso mayeso a LSAT, amene malikisi ake amayambira 120 kulekeza 180, ena amalandira mayeso ena otchedwa GRE mmalo mwake. LSAT simafunsa malamulo ayi, imayesa kuwerenga ndi kuganiza mwachangu mchingerezi chokhotakhota, nde ipatseni miyezi ingapo, osangoidzukira.

Lamulo la California palokha ndi lofewa, limangofuna zaka ziwiri za ku koleji, ma semester unit 60, kapena kukhoza mayeso ena otchedwa CLEP ngati koleji simunapiteko. Koma sukulu payokha itha kufuna zoposa pamenepo, ena amafuna digiri yathunthu. Ngati pepala lanu ndi la ku Poly, Bunda, Mzuni kapena UNZA, liyenera lidutse kaye ku kampani younika mapepala akunja imene State Bar imaivomereza, ndipo ma transcript amafuna achoke ku yunivesite kupita kwa iwo mwachindunji osadzera mmanja mwanu. Amene anayesapo kuitanitsa transcript kumudzi ali kunja akudziwa kuti pamafunika mbale woti azikagogoda pa ofesi, nde yambani zimenezi msanga kwambiri. Onetsetsaninso kuti dzina pa pasipoti, pa digiri ndi pa fomu ndi limodzi, ife timakonda kusinthasintha mayina, pena la bambo pena la agogo, pena dzina lapakati lasowa, kumeneko zimenezo zimaimitsa fayilo miyezi.

Mukangoyamba sukulu, lembetsani ku State Bar ngati wophunzira zamalamulo. Ndi pa intaneti, pali kandalama kolipira. Amafunsa Social Security number koma amene alibe atha kupempha kuti amukhululukire. Simufunika kukhala nzika ya America kapena kukhala ku California kuti mukhale loya wa kumeneko, khothi lalikulu la America linagamula kale mu 1973 pa mlandu wa Griffiths kuti state singakanize munthu uloya chifukwa choti si nzika, ndipo mu 2014 khothi lalikulu la California linalola Sergio Garcia kukhala loya pomwe analibe mapepala okhalira mdzikomo. Koma laisensi ya uloya si chilolezo chogwirira ntchito, zimenezo ndi za a immigration, nkhani ina payokha.

Chachinayi, chaka choyamba ndi baby bar

Apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amathera. Chaka choyamba mumaphunzira Contracts, Torts ndi Criminal Law, kutanthauza malamulo a mapangano, a kulakwirana kofuna chipukuta misozi, ndi a milandu yaupandu. Ngati muli pa sukulu yopanda accreditation ija, mukamaliza chaka chimenechi muyenera kulemba First-Year Law Students' Examination, anthu amangoti baby bar. Amalembetsa kawiri pachaka, June ndi October. Kale munkakhala ma essay anayi ndi mafunso osankha, koma kuyambira 2024 anachotsa ma essay, kwatsala mafunso osankha okhaokha 100, ndipo kuti ukhoze umafunika 560 pa 800.

Dzinalo lisakupusitseni, palibe chaukhanda pamenepo, zaka zambiri olephera amachuluka kuposa okhoza. Kim Kardashian amene ali ndi ndalama zolembera aphunzitsi apadera anakhoza mu 2021 pa ulendo wachinayi, ngakhale iye sanali pa sukulu ya pa intaneti, amaphunzira pansi pa maloya mu ofesi, njira inanso imene California imalola.

Ndipo pali kalamulo kena koopsa kamene muyenera kukamvetsa bwinobwino. Mukangomaliza chaka choyamba, muli ndi maulendo atatu otsatizana a mayesowa, amawerenga maulendo amene mayeso alembedwa osati amene inu mwalemba, nde mukajomba June chifukwa munali pa shifiti kapena munapita kumaliro kumudzi, ulendo umenewo wapita. Mukakhoza mkati mwa atatuwo, zonse zomwe mwaphunzira mpaka nthawi imeneyo zimawerengedwa. Mukakhoza mochedwa amangokuwerengerani chaka choyamba chokha, zachiwiri zija ndi ndalama zake zalowa mmadzi. Ndichifukwa chake ndikuti mtundu wachiwiri uli bwino, wophunzira wa sukulu ya accreditation amene ali ndi zaka ziwiri za koleji ndipo wakhoza bwino chaka choyamba salemba baby bar. Amene analowa ndi CLEP aja amalembabe.

Kawerengedwe kake nkosiyana ndi kathu koloweza manotsi. Amakupatsa kankhani, uyu wagulitsa galimoto kwa uyu, galimotoyo mabuleki analibe, yagunda mwana wa neba, nde iwe upeze nkhani za malamulo zomwe zabisala mmenemo, utchule lamulo lake, uligwiritse ntchito pa zomwe zachitikazo, umalize ndi chigamulo. Amaitcha IRAC. Munthu utha kuloweza buku lonse koma nkulakwa chifukwa sunayeserere, nde kuyambira mwezi woyamba muzipanga mafunso akale tsiku ndi tsiku muli ndi wotchi pambali. State Bar imaika mafunso a ma essay akale pamodzi ndi mayankho a anthu amene anakhoza bwino, aulere, atsitseni.

Chachisanu, zaka zotsalazo

Sukulu za pa intaneti zopanda accreditation ndi zaka zinayi ndipo chaka chilichonse lamulo limafuna maola osachepera 864 owerenga, mkati mwa masabata 48 mpaka 52 otsatizana, ndipo umayenera kusunga kaundula wa maolawo. Mukawerengera ndi pafupifupi maola 17 kapena 18 pa sabata, chaka chonse, popanda holide yeniyeni. Kunena zoona amenewo ndi ochepetsetsa, amene akufuna kukhoza amadutsa pamenepo. Ma pulogalamu ambiri a pa intaneti amitundu inayo nawonso ndi zaka zinayi chifukwa anapangidwira anthu apantchito. Nde khalani pansi ndi akunyumba muwauze zoona, kuti kwa zaka zinayi ma double shift achepa, ndalama yotumiza kumudzi ichepa, ma bridal shower ndi ma braai a Loweruka muzijomba. Osabisa, chifukwa chaka chachiwiri zikadzayamba kuwawa mudzafuna anthu omwewo akuthandizeni ana.

Funsani sukulu ngati makalasi ali a live kapena ojambulidwa. Kwa amene ali ku America komweko si nkhani yaikulu, koma ngati muli ku Lilongwe kapena Lusaka California ili mmbuyo ndi maola 9 kapena 10 kutengera nyengo, kalasi ya 6 koloko madzulo kwa iwo ndi 3 kapena 4 koloko mbandakucha kwa inu, onjezani magetsi kuzima ndi bandulo kutha pakati pa mayeso amene kamera ikuyenera kukhala yoyaka.

China chimene sukulu ya pa intaneti singakupatseni ndi anthu. Amene amaphunzira pa kampasi amadziwana ndi maloya, amapeza ma internship, amalowa mkhothi ndi aphunzitsi awo. Inu muyenera kudzipezera nokha. Pitani ku khothi la mdera lanu tsiku lomwe muli off mukangokhala kumbuyo nkumamvera, milandu yambiri ndi yapoyera. Dziperekeni ku ma ofesi a legal aid olo ulere, kapena sakani ntchito ya paralegal, wothandizira maloya mu ofesi. Tsiku lomwe mudzafune ntchito ya uloya adzafunsa zomwe munagwirapo, dzina la sukulu yanu palokha silidzatsegula chitseko cha ma firm akuluakulu, zimenezo tingovomereza. Ndipo nthawi yonseyi musayerekeze kudzitcha loya kapena kulipiritsa anthu powalembera mapepala a immigration, kugwira ntchito ya uloya opanda laisensi ndi mlandu ku California ndipo kudzakutsekerani pa sitepe yotsatirayi.

Chachisanu ndi chimodzi, kufufuzidwa khalidwe ndi MPRE

State Bar imafufuza mbiri yanu, amati moral character. Fomu yake ndi yaitali zedi, komwe munakhalako, komwe munagwirako ntchito, milandu, ngongole zosabweza, ngati munachotsedwapo sukulu kapena ntchito, mayina a anthu okuchitirani umboni, kuphatikiza zidindo za zala. Iwo amanena okha kuti zimatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa, nde tumizani chaka chomaliza chikamayamba, makamaka inu amene mbiri yanu ina ili kunja kwa America. Langizo apa ndi limodzi, nenani zonse. Munagwidwapo mukuyendetsa mutamwa zaka khumi zapitazo, lembani. Kawirikawiri chimene chimagwetsa anthu ndi kubisa osati mlanduwo. Komanso amene ali ndi ngongole ya child support yolamulidwa ndi khothi akonze kaye, California simalumbiritsa munthu amene sakutsata chigamulo chimenecho.

MPRE ndi mayeso a malamulo a khalidwe la maloya, mafunso osankha 60 maola awiri, amalembedwa March, August ndi November, California imafuna 86. Si ovuta kwambiri mukawerenga masabata angapo, achotseni panjira musanafike pa chilombo chenicheni.

Chachisanu ndi chiwiri, bar exam

Imalembedwa February ndi July, masiku awiri. Pali ma essay asanu a ola limodzi lililonse, performance test ya mphindi 90 pomwe amakupatsa fayilo ya mlandu wongopeka ndi malamulo ake nkukuuza kuti lemba kalata kapena memo ngati uli mu ofesi, kenako mafunso osankha 200. Maphunziro ake ndi 13, kuyambira Constitutional Law, Evidence, Civil Procedure, Real Property, mpaka Community Property imene ndi ya kagawidwe ka katundu wa mbanja mmene California imachitira. Malikisi okhozera ndi 1390, anatsitsa kuchoka pa 1440 mu 2020, komabe ndi amodzi mwa mayeso ovuta mdziko lonselo ndipo ophunzira a sukulu zopanda accreditation nthawi zambiri amakhoza ochepa.

Musaganize kuti poti sukulu inali ya pa intaneti nde mayesonso mulembera pabedi. Mu February 2025 anayesa kulembetsa anthu ambiri pa intaneti ndi mafunso atsopano, zinavuta koopsa, makompyuta kuzima, anthu kulephera kulowa, mpaka nkhani zinafika kukhothi, ndipo July wa chaka chomwecho anabwerera ku kulemba pamalo. Nde konzekerani ulendo wa ku California, hotela, ndi laputopu yoti sikukhumudwitsani.

Pafupifupi aliyense amalipira kosi yokonzekera, monga Barbri kapena Themis, masabata khumi kapena kuposa akuwerenga ngati ntchito. Ikani ndalama imeneyi mu bajeti kuyambira pachiyambi pamodzi ndi ya masabata amene simudzagwira ntchito, chifukwa kulemba bar uku ukugwira ma night ndi kungotaya ndalama ya mayeso. Zotsatira za July zimatuluka cha mu November, za February cha mu May. Mukalakwa mutha kubwereza, California ilibe malire a maulendo, kungoti ulendo uliwonse mukulipiranso.

Mukakhoza

Bar yatheka, MPRE yatheka, khalidwe lavomerezedwa, dzina lanu limapita ku khothi lalikulu la California, mumalumbira, mumapatsidwa nambala yanu ya bar.  Kuchoka apo ndi kulipira chaka ndi chaka komanso maola 25 a maphunziro owonjezera pa zaka zitatu zilizonse.

Tsopano laisensi ya California muli nayo koma mumakhala ku Indiana kapena Seattle, zikhala bwanji? Ngati sukulu yanu inali ya ABA mungolemba bar ya komweko. Ngati sinali, zimatengera state, ena amakulolani kulemba mayeso awo mukagwira kaye uloya zaka zingapo, ena salola nkomwe. Kwa abale ambirimbiri amene ali ku South Bend nkhani yabwino ndi yoti kuyambira July 2024 khothi lalikulu la Indiana linatsegula mpata woti omaliza sukulu zosakhala za ABA atha kupempha chilolezo cholemba bar ya Indiana, ndi kupempha, sikuti zimangochitika zokha. Njira ina imene ambiri amadutsa ndi ya immigration law, chifukwa amenewo ndi malamulo a boma lalikulu, loya wa laisensi ya state iliyonse atha kuyimira anthu ku USCIS, ofesi ya boma yoona za immigration, ndi ku makhothi a immigration mdziko lonse. Koma samalani, munthu yemweyo akakufunsani za chisudzulo kapena ngozi ya galimoto ya mu state imene mulibe laisensi, mutumizeni kwa wina.

Nanga amene muli kumudzi, ku Joni kapena ku UK?

Apa ndinene mosapsatira, ngati cholinga chanu ndi kudzayima ku High Court ku Blantyre kapena Lilongwe, JD ya pa intaneti ya ku California si njira yanzeru. Mukhala mukuphunzira malamulo a dziko lina, kulipira madola pomwe forex ikusowa mmabanki ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023, komanso sukulu ya pa intaneti sikupatsani student visa. Kukalemba bar mudzafuna visa ya alendo, ndipo mu August 2025 America inayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa a Malawi ndi a Zambia opempha visa imeneyo, malamulo akewo akumasinthasintha nde muziona za ku embassy musanapange pulani iliyonse. Amene njira ya California ingamuyendere mosavuta ndi amene ali kale loya wovomerezeka kwawo, chifukwa loya wa dziko lina amaloledwa kulemba bar ya California popanda kubwereranso mkalasi. Amene ali ndi LLB chabe koma sanalumbire amafunika chaka china cha maphunziro pa sukulu ya ABA kapena ya accreditation ya California.

Kwa ife a mayiko a common law, zodziwika ndi LLB ya University of London, imene yakhala ikuphunzitsa anthu akutali kuyambira 1858, ndi ya UNISA ku Pretoria, komwe Nelson Mandela anapezera LLB yake mu 1989 ali mndende. Koma nazonso funso ndi lomwe lija, ndani adzakupatseni laisensi. Ku England ndi Wales kuyambira 2021 kuti ukhale loya wotchedwa solicitor umafunika digiri ya phunziro lililonse, kukhoza mayeso a SQE1 ndi SQE2, zaka ziwiri za ntchito ya zamalamulo yosainidwa ndi solicitor, ndi kufufuzidwa khalidwe ndi SRA, bungwe loyang'anira ma solicitor, nde kwa amene muli ku Leeds kapena Manchester pa ntchito za care njira imeneyi ndi yotseguka ndithu. Ku South Africa nkovuta, Legal Practice Act ya 2014 imati wolowa uloya akhale nzika kapena permanent resident, ndipo Constitutional Court inagwirizana nazo mu 2022 pa mlandu wa Rafoneke, kutanthauza kuti mutha kumaliza LLB ya UNISA bwinobwino muli pa permit wamba koma osalumbiritsidwa. Ku Zambia digiri ikatha pali ZIALE, sukulu yokonzekeretsa maloya ntchito, imene mbiri yake yogwetsa anthu aliyense amaidziwa.

Ku Malawi zonse zili mu Legal Education and Legal Practitioners Act. Council of Legal Education ndi imene imaona ngati digiri ikukwanira, Malawi Institute of Legal Education, MILE, ndi komwe kuli maphunziro ndi mayeso okonzekeretsa munthu ntchito, kenako umapempha kwa Chief Justice kuti akulowetse, ndipo ukalowa umakhala membala wa Malawi Law Society nkumatenga laisensi chaka ndi chaka. NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, nayo imaunika mapepala akunja, koma kalata ya NCHE yonena kuti digiri ndi yeniyeni si chilolezo cha uloya. Nde musanatumize ndalama ku London kapena Pretoria lemberani a Council kalata, mutchule dzina la yunivesite, dzina lenileni la pulogalamu, zaka zake, maphunziro onse amene alimo, ndipo munene poyera kuti ndi ya pa intaneti, mufunse ngati mukamaliza adzakulolani kulowa MILE komanso ngati pali china chimene adzafune kuchokera ku dziko lomwe digiriyo yachokera. Yankho likhale lolembedwa, la deti ndi siginecha, osati la pa foni kapena la mnzanu amene amagwira ntchito kukhothi, ndipo mufunsenso kachiwiri mukafika pakati pa maphunziro chifukwa zaka zinayi malamulo amatha kusintha.